Mkute wa nkhukundembo ndi masamba a m'masika

Amalume a ana athu anafika kwathu ku Area 23 Lachinayi lina mwezi wa Epulo, kuchokera ku Mitundu. Kuchokera pasiteji anakwera kabaza, ndipo kumbuyo kwa njinga yachiwiri kunali dengu. M'dengumo munali tambala wa nkhukundembo womangidwa miyendo, mutu wake wofiira uli pamtunda kuonera tauni. Ana a mumzere mwathu anamuperekeza mpaka pageti.

Sande lakelo tinali ndi chinkhoswe cha mwana wathu wachisamba. Nkhuku za mwambo, tambala ndi msoti, zinalipo kale. "Iyi ndi ya alendo, alamu," anatero amalumewo, "akuchimuna asakanene kuti kwathu ndiwo timayeza ndi supuni."

Chakudya chinatuluka 2 koloko masana. Panali mpunga, nsima, nyemba, kabichi ndi nyama ya mbuzi, ndiye ngakhale anthu anadya mokhuta, pomwe ankayamba kutsanzika cha m'ma 4 koloko pafupifupi theka la mbalame ija linali likadali m'poto. Tambala wa nkhukundembo mmodzi amaposa nkhuku zachikuda zitatu kapena zinayi. Banja lililonse lomwe linaphapo nkhukundembo likudziwa kuti siitha tsiku limodzi.

Apa m'pamene pamagona nkhani ya mwezi uno. Kutaya nyama masiku ano, mmene mitengo ilili pamsika, ndi chinthu chomwe mtima sungalole. Koma kuisunga molakwika kumadula koposa kuitaya. Ife tinaphunzira zimenezi movutikira.

Zomwe zinatichitikira kale

Zaka zingapo zapitazo tinali ndi phwando lina m'nyumba yomweyi, nyama yake nkhukundembonso. Alendo atapita tinali titatopa kwambiri. Poto wamkulu wa nyama ndi msuzi tinangomuvundikira, n'kumusiya pambaula yozima mpaka m'mawa. Kutacha tinanunkhiza, tinalawa, zonse zinali bwinobwino. Masana tinainyenyanyenya nyama ija, n'kuisakaniza ndi kabichi, tomato ndi mayonezi, n'kudya osaitenthetsa. Inakoma zedi.

Pakati pa usiku chitseko cha kuchimbudzi chinayamba kulira. Mwa anthu asanu ndi atatu omwe tinadya, asanu ndi mmodzi anatsekula m'mimba, kwinaku m'mimbamo mukupotokola. Achinyamata anachira tsiku lotsatira atamwa Thanzi ORS. Koma apongozi, omwe anali okalamba, anafooka kwambiri mpaka tinathamangira nawo kuchipatala komwe anawaika diripi. Ndalama za galimoto ndi mankhwala zinaposa mtengo wa nyama yomwe tinkaopa kutaya, osanena za mantha a usiku umenewo.

Poyamba tinkaloza chala mayonezi, ena akuti ndi kabichi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu atamva mmene tinachitira, anangofunsa funso limodzi: "Mayi, poto ameneyu anagona kuti?"

Zomwe zimachitika m'poto usiku

Pali kachilombo kotchedwa Clostridium perfringens komwe kamapezeka m'dothi, m'matumbo a nyama ndiponso pa nyama yaiwisi. Moto umapha tizilombo tambiri, koma akaka kamatha kudzikuta m'chikhokhombe cholimba n'kupulumuka ngakhale nyama itawira. Poto akayamba kuzizira, kamadzuka n'kuyamba kuswana. Kamakonda malo ofunda opanda mpweya, monga pansi pa msuzi wa nyama. Poto wamkulu wodzaza amachedwa kuzizira. Kunja akhoza kukhala wozizira pamene pakati pakadali pofunda kwa maola ambiri. N'chifukwa chake matendawa amakonda kugwa pamaukwati, pamaliro ndi pamisonkhano, pomwe chakudya chimaphikidwa chambiri. Zizindikiro zimayamba pakapita maola 6 mpaka 24 munthu atadya.

Tizilombo ta mtundu wa bakiteriya, zinthu zikatiyendera bwino, timatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Kamodzi kamasanduka 8 pa ola limodzi, 64 pa maola awiri, 4,096 pa maola anayi, ndipo pa maola asanu ndi awiri timapitirira 2 miliyoni. Timaswana bwino pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60. Nyumba zathu kuno ku Lilongwe, ngakhale mwezi wa Meyi pomwe m'mawa kwayamba kuzizira, zimakhala mkatikati mwa muyeso umenewu usana ndi usiku.

Chinthu chovuta kuvomereza n'chakuti mphuno siithandiza. Tizilombo tomwe timasasitsa ndiwo ndi tina, tomwe timadwalitsa ndi tinanso. Nyama ikhoza kununkhira bwino, kukoma bwino, koma ili ndi matenda. Palinso kachilombo kena, Staphylococcus aureus, komwe anthu ambiri athanzi amakhala nako m'mphuno ndi pakhungu. Kakalowa m'chakudya kudzera m'manja n'kupeza nthawi yoswana, kamasiya poizoni yemwe saphedwa ndi moto. Apa ngakhale mutatenthetsanso, anthu asanzabe.

Si nkhani ya m'nyumba mwathu mokha. Mu 2015 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipitsidwa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa iwo 125,000 ndi ana osakwana zaka zisanu. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, vutoli ndi lalikulu kwambiri kuno ku Africa.

Maola awiri oyamba

Malangizo a WHO ndi akuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Choncho tsogolo la mkute wanu limadziwika madzulo omwewo a phwando, pa nthawi yomwe aliyense watopa ndipo akufuna kukhala pansi. Chaka chino tinachita kusankhiratu munthu. Tinapempha azakhali a ana kuti iwo asagwire ntchito ina iliyonse yotsuka kapena kuperekeza alendo, yawo ikhale ya poto wa nkhukundembo basi. Anachita motere.

Anasamba m'manja ndi sopo, n'kutenga mpeni ndi thabwa zotsuka bwino, osati zomwe tinadulira nyama yaiwisi m'mawa. Nyama yomwe inafika m'mbale za alendo sanaibwezere m'poto. Yotsala m'potoyo anaichotsa pamafupa, nachotsanso khungu ndi mafuta. Anaigawa m'timabakuli tating'ono tosazama, tokhala ndi zivundikiro, kuti izizire msanga. Msuzi anauthira pawokha. Timabakulito anatikhazika kanthawi m'beseni la madzi ozizira, kenaka n'kulowetsa m'firiji 4 koloko isanapitirire kwenikweni. Mafupa anawabwezera pamoto madzulo omwewo pamodzi ndi anyezi ndi dzungu, ndipo umenewo unali msuzi wathu wa usiku.

Nyama yophika imakhala bwino m'firiji masiku atatu kapena anayi. Yophika Sande iyenera kutha pofika Lachitatu kapena Lachinayi. Yomwe mukuona kuti simuimaliza, iumitseni m'chipinda cha ayisi tsiku lomwelo, musadikire kuti iyambe yakhalitsa. Magetsi akazima, musamatsekuletsekule firiji. Yotseka bwino imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi anayi. Akazima usiku wonse mpaka m'firiji mwafunda, nyama imeneyo musaidyenso. Ife timasunga mabotolo awiri a madzi oundana nthawi zonse. Magetsi akapita timawaika pambali pa timabakuli ta ndiwo.

Nanga opanda firiji?

Nyumba zambiri kuno ku 23, ku Kawale, ku Chinsapo ngakhale kwa Mgona zilibe firiji, ndipo sitikufuna kulemba ngati sitikudziwa zimenezo. Tinene mosabisa: popanda pozizira, nyama yogona si ya saladi wozizira.

Njira yoyamba, yomwenso ndi yabwino koposa, ndi ya makolo athu: gawani tsiku lomwelo. Mbale ipite kwa aneba, ina kwa amayi amasiye a kuseri, ina anyamule alendo apafupi kuti akadye madzulo omwewo. Kupatsa n'kuika. Nyama yomwe yadyedwa lero ndi anansi siingakudwalitseni mawa.

Njira yachiwiri ndi kupempha malo m'firiji ya mnzanu phwando lisanachitike, kapena kugula ayisi wambiri n'kuika nyama m'bokosi losungira zozizira, ili m'timabakuli totseka. Ayisi akasungunuka, nthawi yake yatha.

Ambirife tinakula tikuona amayi akuwiritsanso ndiwo asanagone ndiponso m'mamawa. Nzeru imeneyi imachepetsa vuto, koma siilichotsa lonse, ndipo imagwira ntchito pokhapokha msuzi utawiradi kwa mphindi zingapo, osati kungofunditsa. Mukawiritsa musapisemonso dzanja kapena supuni yolawira. Nyama yotereyi idyedwe yotentha m'mawa mwake, isafike tsiku lachitatu, ndipo musapatse ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba kapena odwala.

Chifukwa chiyani saladi?

Nkhukundembo si mbalame ya kuno. Inayamba kuwetedwa ku Mexico kalekale, ndipo anthu a ku Spain ndi omwe anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, kenaka n'kufalikira kwina konse. Ku America amaidya kwambiri pa chikondwerero cha Thanksgiving, Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala, nyengo yomwe kwawoko akhala atangokolola ndipo kukuyamba kuzizira. Poti mbalameyo ndi yaikulu, amakhala ndi mkute wa masiku angapo, ndipo imodzi mwa njira zomwe anazolowera ndi kuisakaniza ndi masamba ndi zipatso za nyengoyo. Kwathu kuno nyengo yofanana nayo ndi masika, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Meyi.

Pitani pamsika wa Area 23 kapena ku Wakawaka mwezi uno mukaone. Maungu ali mbwee. Chimanga chachiwisi chomaliza chikadalipo. Mtedza watsopano wayamba kufika, mbatata nayonso. Mapeyala akadali otsika mtengo, manachesi a ku Mwanza ayamba kuoneka, tomato ndi kabichi wa ku Ntcheu ndi ku Dedza akutsika m'malole, mandimu ndi nkhaka zili paliponse. Palibe nyengo ina yomwe mbale ya masamba imatchipa chonchi.

Tikatha phwando mimba zimakhala zitalemedwa ndi mafuta, mpunga ndi zakumwa zotsekemera. Kubwereza zomwezo Lolemba ndi Lachiwiri n'kulilemetsa thupi. Saladi amatembenuza mbale: masamba amakhala ambiri, nyama n'kukhala yongokometsera. Makapu awiri a nyama, omwe pansima akanatha ndi anthu awiri, mu saladi amakwanira anthu asanu ndi mmodzi. Nyama ya nkhukundembo yopanda khungu ili ndi mafuta ochepa, ndipo magalamu 100 aliwonse amakhala ndi pafupifupi magalamu 29 a zomanga thupi. WHO imalimbikitsa kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku, muyeso womwe ambirife sitifikapo. Ndipo mukawerenga bwino, mbale imodzi yomweyi ikukhudza magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya omwe timaphunzitsidwa kusikelo: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta.

Koma saladi ali ndi vuto limodzi: sadutsanso pamoto. Cholakwika chilichonse chomwe chachitika pa nyama, pamadzi kapena m'manja chimafika m'mimba momwemo.

Madzi ndi masamba

Anthu a mu Lilongwe sitinaiwale kolera yomwe inayamba m'Malichi 2022 n'kufika pachimake kumayambiriro kwa 2023. Anthu oposa 58,000 anadwala m'dziko muno ndipo oposa 1,700 anamwalira. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsekulidwa chifukwa cha mliriwo. Kuyambira nthawi imeneyo mabanja ena anasiyiratu kudya zamasamba zosaphika, ndipo sitingawanene.

Masamba ambiri omwe timagula amalimidwa m'madimba a m'mbali mwa mitsinje, ndipo pamsika amawazidwa madzi omwe sitidziwa kochokera. Choncho saladi wathuyu tinamukonza mwadala kuti zinthu zambiri zikhale zophika kapena zosenda. Dzungu, chimanga ndi zitheba zimapsa. Peyala, nachesi, nkhaka ndi anyezi zimasendedwa, mutazitsuka kaye kunja kuti mpeni usalowetse litsiro mkati. Kabichi mumuchotse masamba akunja, mumudule, mumuike m'sefa n'kumuthira madzi owira. Tomato mumuviike m'madzi owira kwa kamphindi, khungu lichoka lokha. Madzi otsukira akhale omwe mungamwe: owiritsa, kapena othira WaterGuard kapena kolorini wa kwa alangizi a zaumoyo, potsata muyeso wake n'kudikira mphindi 30. Madzi a pakiyosiki akhoza kutuluka abwino koma n'kuipira m'ndowa yosavundikira. Tsukani mothira madzi pamwamba, osati kuviika zonse m'beseni limodzi. Ngati m'dera mwanu mwamveka kolera, siyani zosaphika zonse mpaka zitadutsa.

Zofunika (anthu asanu ndi mmodzi)

Makapu 2 a nyama ya nkhukundembo yophika, yosungidwa bwino (pafupifupi magalamu 300)
Theka la dzungu laling'ono, kapena mbatata zofiira mkati zitatu
Chimanga chachiwisi chiwiri
Zitheba zodzaza dzanja
Kota ya kabichi
Tomato 3
Nkhaka imodzi
Anyezi mmodzi wamng'ono
Peyala limodzi lalikulu lakupsa
Manachesi 2
Theka la kapu la mtedza wokazinga
Mandimu 2
Masupuni aakulu 3 a mafuta ophikira
Kachidutswa kamodzi ka adyo
Theka la supuni yaing'ono ya mchere

Kakonzedwe

1. Sendani dzungu, mulidule timagawo tofanana ndi chala chachikulu. Liphikeni ndi madzi ochepa kwambiri mpaka litapsa koma lisanaphwanyike, kapena likazingeni pang'onopang'ono m'poto wopaka mafuta pamoto wa makala ochepa. Sankhani dzungu louma, la ufa. Lamadzimadzi limasanduka phala. Ngati ndi mbatata, ya mtundu wa Zondeni kapena Kadyaubwerere ndi yabwino chifukwa ili ndi vitamini A.

2. Phikani chimanga, chikazizira muchitonole. Zitheba muzidule n'kuziwiritsa kwa mphindi zinayi kapena zisanu, zipse koma zikhalebe zobiriwira.

3. Konzani kabichi ndi tomato monga tafotokozera. Nkhaka muisende n'kuidula. Anyezi mumudule mopyapyala n'kumuviika m'madzi a ndimu kwa mphindi khumi kuti ukali uchepe.

4. Sankhani mtedza musanakazinge. Wachuku, wofota, wobooka kapena wowawa mutaye. Chuku cha mtedza chimakhala ndi poizoni woononga chiwindi yemwe sachoka ndi kukazinga. Mukakazinga, pukusani makoko, mupete, musinje pang'ono chabe kuti ukhale wa tizibenthu.

5. Finyirani mandimu m'kapu, thiranimo mafuta, mchere ndi adyo wosinja, mutakase ndi foloko mpaka zitagwirana. Ndimu amalowa m'malo mwa viniga ndi mayonezi, ndipo vitamini C wake amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi mtedza.

6. Nyama muitulutse m'firiji pomaliza penipeni. Inyenyeni ndi mafoloko awiri, osati ndi zala.

7. M'mbale yaikulu sakanizani kabichi, chimanga, zitheba, nkhaka, tomato, anyezi ndi nyama. Thirani msuzi wa ndimu uja. Ikani dzungu, peyala ndi tizigawo ta nachesi pamwamba, n'kutembenuza kamodzi kokha mosamala. Mtedza uwazidwe pomwe anthu akukhala pansi kuti usalowe madzi.

Idyani nthawi yomweyo. Saladi wotsala yemwe wakhala patebulo asasungidwenso. Konzani wokwanira kutha. Ena mwa inu simuphatikiza zipatso ndi masamba pa chakudya chimodzi. Mukhoza kusiya manachesi, mudzawadye pa nthawi yake, saladiyo akomabe.

Ngati m'nyumba muli mayi woyembekezera, mwana wosakwana zaka zisanu, okalamba kapena munthu yemwe chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, musapereke nyama yozizira. Ikazingeni kaye m'poto ndi madzi pang'ono mpaka nthunzi ikutuluka mkati mwenimweni, n'kuiika pamwamba pa masamba ili yotentha. Pali kachilombo kotchedwa Listeria komwe kamaswana ngakhale m'firiji ndipo kamatha kuchotsa pakati. Ndi komwe kanadwalitsa anthu oposa 1,000 n'kupha oposa 200 ku South Africa mu 2017 ndi 2018 kudzera mu poloni. Kunena zoona, kukamazizira chonchi saladi wa nyama yotentha ndiye amakoma koposa, ndipo ife masiku ano ndi yemwe timakonda.

"Nsima ikubwera?"

Lolemba masana tinaika mbale ija patebulo, amalume asanabwerere ku Mitundu. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, zokongolazi ndaziona. Nsima ikubwera?"

"Lero tapuma, achimwene. Pali mbatata yophika apo."

"Nkhukundembo yanga ija mwaisandutsa chakudya cha akalulu?"

Anadya mbale yoyamba mwaulemu chabe. Yachiwiri anadzigawira okha, akufufuza dzungu ndi mtedza. Pomaliza anati chomwe chawadabwitsa n'chakuti zonse zili m'mbalemo, kupatula nachesi, amalima okha kumunda, koma sanaganizepo zoziika pamodzi. Komabe madzulo anaitanitsa nsima, ndipo tinawaphikira.

Tikunena izi kuti musalimbane ndi a m'nyumba mwanu. Munthu yemwe wagwira ntchito yolemetsa sangakhute masamba okha. Ikani pambali mbatata, chinangwa, buledi wabulawuni, ngakhale kamtanda ka nsima ya mgaiwa. Cholinga si kuthamangitsa nsima ayi, koma kuti masamba achuluke ndipo nyama ichepe.

Za chakudya cha pa Sabata

Ambiri amatifunsa ngati saladi ameneyu angakhale chakudya cha masana a Sabata, poti safuna moto. Angathe, koma werengani masiku ndi maola. Nyama ya pa chinkhoswe kapena ukwati wa Sande siifika Sabata m'firiji wamba; ndi masiku asanu ndi limodzi. Ngati mukuifuna pa Sabata, iumitseni Sande lomwelo, ndipo Lachisanu muitsitsire m'munsi mwa firiji kuti isungunuke pang'onopang'ono. Musaisungunulire padzuwa kapena patebulo. Dzungu, chimanga ndi zitheba muphike Lachisanu, muziziziritse msanga n'kuzisunga chimodzichimodzi. Kusakaniza ndi ntchito ya mphindi zisanu mukabwera kutchalitchi.

Kunyamula chakudya chokadyera limodzi kutchalitchi ndi nkhani ina. Chikachoka panyumba 7 koloko m'mawa n'kudyedwa 1 koloko masana, chakhala maola asanu ndi limodzi m'chikwama kapena m'galimoto yotentha. Bwererani ku masamu aja. Ngati mulibe bokosi losungira zozizira ndi mabotolo a madzi oundana, nyama isiyeni kunyumba. Nyamulani mapeyala, tomato, nkhaka ndi mandimu zotsukiratu koma zosadula, mtedza wokazinga, buledi ndi mpeni woyera, mukadulire komweko. Pa chakudya chodyera limodzi pamakhala ana ndi okalamba a mabanja ena, ndipo mbale imodzi yolakwika ikhoza kugoneka mpingo wonse.

Kwa omwe sadya nyama

Nkhukundembo timaiwerengera pamodzi ndi nkhuku ndi nkhanga pa mbalame zodyedwa, komabe m'mabanja ambiri omwe amawerenga tsamba lino nyama siilowa n'komwe. Saladiyu safuna nyama kuti aime. M'malo mwake ikani makapu awiri a nzama, nyemba kapena khobwe wophika wotsala, kapena nyama ya soya yokazinga ndi anyezi. Nzama zatsopano za mwezi uno zimagwirizana bwino kwambiri ndi dzungu ndi ndimu. Musaganize kuti poti si nyama ndiye kuti palibe choopsa. Nyemba ndi mpunga zogona pofunda zimadwalitsanso, ndipo mpunga uli ndi kachilombo kake, Bacillus cereus, komwe poizoni wake sachoka ndi kutenthetsa. Lamulo la maola awiri ndi la poto aliyense.

Wina akadwala

Zikachitika kuti wina watsekula m'mimba, yambani msanga kumupatsa Thanzi ORS wosungunula m'madzi abwino, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mwana apitirize kuyamwa ndi kudya. Thamangirani kuchipatala ngati chimbudzi chili ndi magazi kapena chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, ngati akusanza chilichonse, thupi latentha kwambiri, maso alowa, sakukodza, kapena ngati wodwalayo ndi khanda, mayi woyembekezera kapena wokalamba. Musadikire kuti kuche.

Nkhukundembo ya amalume inatha Lachitatu, kabakuli komaliza tinakaumitsa n'kudya pa Sabata, ndipo palibe yemwe anadzuka usiku. Apongozi, omwe kuyambira tsiku lija sankayandikiranso nyama yogona, anadya yawo yotentha n'kupempha kuti tiwalembere kakonzedwe kake. Nyengo ya maukwati ikubwera mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala. Mukamagawa ntchito mu komiti ya zophika, pambali pa wogula nkhuni ndi wotsuka mbale, lembaninso dzina la munthu woyang'anira zotsala.

Mwezi wamawa tidzakambirana za kufutsa nkhwani ndi khwanya mosataya zofunika m'thupi, masamba asanayambe kusowa.